Mafunso ndi mayankho: kuphika shrimp scampi pakhomo osaononga maprawns

Chakudya ichi ndinachiphunzira nthawi imene ndinkagwira ntchito mukhitchini ya lesitilanti ina ku Cape Town, ndipo chibwerereni kumudzi kuno abale ndi anzanga amandifunsa mafunso omweomwewo nthawi zonse ndikawaphikira, nde ndati ndiwayankhe onse pamodzi. Chimene chimandipweteka mtima nchakuti munthu amaononga ndalama zambiri kugula maprawns, tinyama ta m'madzi ta makoko ta gulu limodzi ndi nkhanu, kenako nkuwaphika ngati nkhuku ya lokolo, kuvundikira poto nkupita kukasesa panja, pobwera apeza timphira tosatafunika. Ife tinakula tikuuzidwa kuti ndiwo zipse bwinobwino, ndipo pa nyemba ndi nyama ya mbuzi nzoona, koma pa maprawns malangizo amenewo ndi amene amaononga zonse.

Kodi shrimp scampi ndi chani kwenikweni?

Ndi maprawns okazinga mwachangu mu batala ndi mafuta a olive, muli adyo wambiri, vinyo woyera pang'ono, mandimu ndi timasamba tonunkhira totchedwa parsley, basi. Ena amasakaniza ndi sipageti, ena amangotenga buledi nkumasunsa mumsuzimo. Kuyambira poyatsa moto mpaka kuika patebulo sipadutsa mphindi 15, ndipo maprawns enieniwo amakhala pamoto mphindi zitatu kapena zinayi zokha.

Dzinalo lili ndi nkhani yake. Scampi ndi mawu a Chitaliyana, kamodzi amati scampo, ndipo ndi kanyama ka m'nyanja ya mchere kokhala ndi zopanira ngati za nkhanu koma zazitali zowonda. Asayansi amakatcha Nephrops norvegicus, Afalansa amati langoustine, ku Britain amati Dublin Bay prawn kapena Norway lobster. Kamapezeka kumpoto chakum'mawa kwa Atlantic ndi ku Mediterranean, kuphatikizapo ku Adriatic cha ku Venice ndi Trieste uko. Nde pakati pa 1880 ndi 1924 Ataliyana oposa 4 miliyoni anasamukira ku America, ambiri kutsikira ku New York, atafika uko kanyama kawo kaja sanakapeze pamsika koma shrimp, ndiye kuti maprawns, inali mbwee, anangoyamba kuiphika mmene ankaphikira scampi kwawo, dzina nkukanirira. Ndekuti mukamati shrimp scampi mukunena shrimp yophika mwa scampi, ndipo ndi chakudya cha Ataliyana a ku America.

Ine ndili ku UK, ndinaitanitsa scampi ku pub koma anandipatsa tinthu tokazinga ndi tchipisi. Anandinamiza?

Ayi achimwene, sanakunamizeni. Ku Britain ukati scampi amamva michira ya langoustine ija yoviika mu zinyenyeswa za buledi nkukazinga m'mafuta ambiri, amapereka ndi tchipisi, nsawawa zobiriwira ndi tartare sauce. Yambiri imagwidwa ku Scotland ndi ku Irish Sea. Dzina ndi limodzi koma mbale nzosiyana, nde ngati mukufuna iyi ya adyo ndi batala funsani garlic prawns, kapena gulani king prawns osaphika mukaphike nokha kunyumba.

Shrimp ndi prawns nzosiyana?

Kwa asayansi pali kusiyana pang'ono m'kapangidwe ka thupi, koma kukhitchini musazitengere. Ku America pafupifupi zonse amati shrimp, ku Britain, ku Joni ndi kuno timati maprawns, ku Mozambique amati camarão. Kaphikidwe nkamodzi. Ine ndizingoti maprawns poti ndi mmene mungafunsire mushopu kuti akumveni.

Kwathu kuno kulibe nyanja ya mchere, ndiwapeza kuti?

M'masupamaketi akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumafiliji kumene amaika nsomba zachisanu, komanso m'mabutchala ena a mtauni. Onse amakhala oumitsa ndi chisanu ndipo musanyansidwe nazo zimenezo, prawn youmitsa pompopompo itangogwidwa imaposa ija yoti yayenda masiku atatu pa ayisi wosungunuka nkumanenedwa kuti ndi fuleshi. Otchuka kuchigawo chathu chino ndi a ku Mozambique, ogwidwa pa Sofala Bank cha ku Beira ndi Quelimane. Ku South Africa mpaka lero pa menyu amalemba LM prawns, kuchokera ku Lourenço Marques, dzina lakale la Maputo asanalisinthe mu 1976. Ku Mozambique amatsekanso usodzi wa maprawns miyezi ingapo kuyambira chakumapeto kwa chaka kuti aswane, ngati mmene kwathu amatsekera nyanja chifukwa cha chambo, nde musadabwe nthawi zina akamasowa kapena kukwera mtengo. Mapaketi ena mukatembenuza mupeza alemba India, Vietnam kapena Ecuador, amenewo ambiri ndi oweta m'madamu, mtundu wa vannamei, ndipo pa scampi ali bwinobwino. Palinso ofiira a ku Argentina, amenewo amaoneka ofiira asanapse nkomwe ndipo amapsa msanga kuposa anzawo, samalani nawo.

Chimodzi chokha ndikupempheni: gulani osaphika. Paketi ikalembedwa cooked ndipo ali kale a pinki, amenewo ndi a saladi, mukawakazinganso muwaphika kawiri.

Nanga manambala a papaketi aja, 16/20 kapena 21/25, amatanthauza chani?

Ndi kuchuluka kwa maprawns pa paundi imodzi, yomwe ndi magalamu 454. Nde 21/25 ndekuti pa paundi pamakwana maprawns 21 mpaka 25, nambala ikachepa maprawns ndi akuluakulu. Mapaketi ena makamaka a mitu amawerengera pa kilo, muziwerenga bwino. Pa scampi ine ndimakonda 21/25 kapena 16/20, chifukwa ting'onoting'ono timapsa musanamalize nkutembenuza komwe. Onaninso kulemera kwenikweni, poti amawakuta ndi ayisi ndipo ayisiyo amalemera, ndiponso ngati ali ndi mitu ndi makoko dziwani kuti pa kilo imodzi mutsala ndi nyama cha m'ma theka kapena kuposerapo pang'ono.

Ndidziwa bwanji kuti sanaonongeke?

Mphuno. Prawn yabwino imamveka kafungo ka madzi a mchere, kopepuka. Ikamanunkha ngati mkodzo kapena amoniya, kapena ikamananda m'manja ngati therere, tayani, musaganize kuti mandimu ndi adyo aphimba, m'mimba simuphimbika. Ndi magetsi athu othimathimawa vuto lalikulu ndi katundu amene anasungunuka nkuumanso. Ine zinandichitikirapo, ndinagula paketi mushopu ina pokonzekera alendo, nditafika kunyumba ndinaona kuti maprawns onse agwirana kukhala chibuma chimodzi, pansi pa paketi pali ayisi wofiirira ngati madzi otsukira nyama, nditasungunula mitu inali yakuda ikuthothoka yokha, nyama ikuphwanyika pakati pa zala. Ndinataya zonse ndipo mtima unandiwawa sabata yathunthu. Chiyambire pamenepo ndimagwedeza paketi ndili mushopu momwemo, abwino amalira ngati miyala, iliyonse payokha. Timadontho takuda pa makoko tokha si umboni woti aola, kuda kumeneko kumabwera chifukwa cha mpweya ngati mmene nthochi imadera, koma kukaphatikizana ndi fungo kapena kufewa musayese nkomwe.

Kuchoka kushopu pitani kunyumba molunjika, mukulunge m'nyuzipepala kapena muike mu kula bokosi, osati kuyamba mwazungulira nawo mtauni pa dzuwa la Okutobala.

Ndisungunule bwanji?

Njira yabwino nkuwatsitsa mufiliji yapansi usiku, m'mbale yovundikira, mawa mwapeza asungunuka. Ngati mwafulumira ikani m'beseni la madzi ozizira, mphindi 15 kapena 20 zakwana, musinthe madzi kamodzi. Madzi otentha ayi, padzuwa ayi, chifukwa kunja kumayamba kupsa mkati muli ayisi. Mukasungunula musabwezerenso mu chisanu. Kenako, ndipo apa ambiri amadumpha, apukuteni ndi kansalu koyera kapena tishu mpaka aume. Prawn yonyowa siikazingika, imangowira m'madzi ake omwe.

Kamzere kakuda kapamsana kaja nchani, ndichotse?

Ndi matumbo ake. Sikapha munthu kakapsa, koma nthawi zina mumakhala timchenga ndipo kamawawirira, nde pa akuluakulu ine ndimachotsa. Thyolani mutu, gwirani timiyendo nkusenda khoko kuzungulira, chekani pang'ono pamsana ndi kampeni kakuthwa, osazamitsa, mukaona kamzereko kakokeni ndi nsonga ya mpeni kapena kamtengo kotokosera m'mano. Mchira mutha kuusiya kuti zioneke bwino, koma ngati mukusakaniza ndi sipageti ndipo pali ana chotsani, zimatopetsa kumatola michira m'mbale.

Mitu ndi makoko nditaye?

Chonde musataye, mwagula ndi ndalama ndipo kukoma kwambiri kuli mmenemo. Ikani kasupuni ka mafuta m'kapoto, kazingani mitu ndi makokowo mpaka afiire, muzikanikiza mitu ndi mthiko kuti mafuta ofiirira a m'mitumo atuluke, thirani kapu imodzi ndi theka ya madzi, ziwire pang'onopang'ono mphindi 10, sefani. Kamsuzi kameneka ndi kamene kamasiyanitsa scampi ya kulesitilanti ndi ya kunyumba, ndipo kukhitchini komwe ndinkagwira kuja wamkulu wathu akakupeza ukutaya mitu ya maprawns mu bini ankakubwezera kuti ukatole.

Ndiuzeni muyezo ndi kaphikidwe kake, kwa anthu anayi.

Maprawns osenda magalamu 500, adyo timbali 5 kapena 6, batala magalamu 60 omwe ndi masupuni anayi aakulu, mafuta a olive masupuni awiri, vinyo woyera theka la kapu cha m'ma 120 ml, madzi a ndimu imodzi, parsley wodzaza dzanja, katsabola pang'ono, mchere. Ngati mukudya ndi sipageti kapena linguine, mnzake wophwatalala uja, magalamu 350 mpaka 400.

Konzani zonse moto musanayatse, adyo mudule, ndimu mufinye, parsley mudule, batala mugawe pawiri theka lina libwerere mufiliji, chifukwa zikangoyamba simupeza mpata wosakasaka mpeni. Maprawns awazeni mchere theka la tiyisupuni, ndipo ngati muli ndi soda uja timathira mu therere, tsinani pang'ono, kota ya tiyisupuni basi, sakanizani akhale mufiliji mphindi 15, amatuluka okhuthala okhala ngati akuphulika mukaluma. Mukachulutsa soda amveka ngati sopo nde musapyole pamenepo.

Terekani madzi a sipageti, muthire mchere wokwanira, ndipo sipageti alowe kaye musanayambe maprawns chifukwa iye ndi amene amachedwa. Ikani felempani yaikulu pamoto, itenthe, thirani mafuta a olive, yalani maprawns imodziimodzi asaunjikane, ngati felempani ndi yaing'ono kazingani kawiri. Mukangoyala musawagwedeze. Pakatha mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka muona m'mbali mwayamba pinki kukwera kuchokera pansi, tembenuzani, mphindi inanso imodzi, chotsani muike m'mbale olo pakati pakuoneka ngati sipanapsetse, adzamalizika mumsuzi. Chepetsani moto, ponyani theka la batala, akasungunuka thirani adyo ndi tsabola, takasani masekondi 30 mpaka mphindi imodzi, fungo likangokumenyani m'mphuno thirani vinyo, pamveke phokoso la tsssss, palani ndi mthiko zonse zakakamira pansi zija. Ziwire mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka madzi achepe ndi theka, ngati munapanga kamsuzi ka makoko thiraninso theka la kapu kawirenso pang'ono. Kenako bwezerani maprawns pamodzi ndi timadzi tawo ta m'mbale, thirani mandimu, chotsani felempani pamoto, ponyani batala wozizira uja nkumagwedeza felempani mpaka asungunuke msuzi unyezimire. Parsley pamwamba, lawani mchere. Sipageti mtsanuleni atatsala pang'ono kupsa, musunge kapu ya madzi ake, mponyeni mufelempanimo nkusakaniza, kukauma thirani timadzi tija pang'onopang'ono. Itanani anthu akhale pansi musanamalize, chakudyachi sichidikira munthu amene akusamba.

Ndidziwa bwanji kuti apsa? Ndimaopa kudyetsa anthu zaziwisi.

Mantha amenewa ndimawamvetsa, ndipo ndi amene amachititsa anthu kupitiriza. Yang'anani zinthu ziwiri, mtundu ndi kupindika. Prawn yaiwisi ndi yotuwa ndipo nyama yake imaoneka ngati galasi, ikapsa kunja kumakhala pinki ndi olenji, mkati moyera ngati mkaka. Pa kupindika, ikapindika ngati chilembo C yapsa, ikapindikiratu mutu kukumana ndi mchira ngati O mwapitiriza. Ngati mukukayika tengani yaikulu pa zonse muidule pakati ponenepa, pakayera ponse ndekuti zonse zapsa. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya, 63°C ndi pamene a zaumoyo ku America amanena.

Chimene chimachitika nchakuti nyama ya prawn ilibe mitsempha yolimba ngati ya ng'ombe yoti ifewe mukaphika nthawi yaitali, nde moto ukapitirira imangokhwinyata nkufinya madzi ake onse, yomwe inali ngati chala chachikulu imatsala ngati kachala ka mwana, ndipo palibe chimene mungachite kuti ibwerere. Kusiyana kwa yokoma ndi ya mphira ndi mphindi imodzi yokha, nchifukwa chake ndimati foni ikhale kuchipinda. Kufiira kuja kumachokera ku kautoto kotchedwa astaxanthin komwe kamakhala kobisika mu khoko, moto ukagunda kamaonekera, ndi komwekonso kamafiiritsa nsomba ya salmon ndi mbalame za flamingo.

Yanga imatuluka yowawa, ndikulakwitsa pati?

Adyo wapserera, kawirikawiri nchimenecho. Ife tinazolowera kuyamba ndi anyezi ndi adyo m'mafuta otentha mpaka zifiire kenako tomato, koma apa mulibe tomato woti abise, adyo akangoda msuzi wonse wawawa. Nchifukwa chake ndimayamba maprawns pamoto waukulu, adyo pambuyo pamoto wochepa. Mduleni mopyapyala kapena timizidutswa ndi mpeni, wosinja mumtondo mpaka kukhala phala amapserera msanga kwambiri. Akapserera musaumire, tayani, pukutani felempani, yambaninso, adyo ndi wotchipa kuposa maprawns. China chowawitsa ndi njere za mandimu ndi khungu loyera lamkati lija, sefani madziwo.

Ndilibe kuka, ndimaphikira pa mbaula, zitheka?

Zitheka bwinobwino, ndipo moto wa makala umakazinga maprawns bwino kuposa hotipuleti yofooka. Dikirani makala ayake afiire, utsi uthe. Vuto nlakuti mbaula ilibe pochepetsera, nde dzanja lanu ndi limene lichepetse, mukachotsa maprawns tsitsani felempani pansi, batala ndi adyo zipse ndi kutentha kwa felempani komweko, mukathira vinyo ndi pamene mubwezere pamoto. Ine ndimakankhiranso makala mbali imodzi kuti pakhale potentha ndi pozizirirapo. Pothira vinyo chotsani felempani pamoto kaye, malawi asakulandireni kumaso.

Sindimwa mowa ndipo sindiufuna m'nyumba mwanga, vinyo ndingamusiye?

Musiyeni ndithu, ndipo musamvere oti mowa wonse umauluka ukawira, umachepa koma wina umatsalira. Ntchito ya vinyo apa ndi kubweretsa kawawasu ndi madzi a msuzi, nde m'malo mwake thirani kamsuzi ka makoko kaja theka la kapu, onjezani mandimu pang'ono kapena tiyisupuni imodzi ya viniga woyera. Amene mukugwiritsa vinyo, akhale wosatsekemera, Sauvignon Blanc, Chenin Blanc kapena Pinot Grigio, wa ku South Africa wotchipa yemweyo ali bho. Wotsekemera uja amasandutsa msuzi kukhala ngati wa pudini.

Batala ndi wodula, majarini sangachite?

Ndinene zoona, kukoma kwa scampi theka lake ndi batala, majarini amatulutsa chakudya china ndithu, ndipo ambiri opaka pa buledi ali ndi madzi ochuluka, amathetheka ndi kulekana. Ngati thumba silikulola, kazingani ndi mafuta ophikira wamba m'malo mwa olive, ameneyo mutha kumusiya osadandaula, koma yesetsani kupeza kabatala olo masupuni awiri oti muponye kumapeto. Ngati batala wanu ndi wa mchere chepetsani mchere wina.

Msuzi wanga umakhala madzi pansi mafuta pamwamba.

Batala womaliza munamuponya moto uli waukulu, kapena anali wosungunuka kale. Akhale wozizira, felempani ichoke pamoto, ndipo muzigwedeza osasiya. Ukalekana kale, thirani masupuni awiri a madzi ophikira sipageti aja nkutakasa mwamphamvu, kaufa ka m'madzimo kamagwirizanitsa mafuta ndi madzi. Ufa kapena supu wa m'paketi musathire.

Parsley sindikumupeza, ndipo tsabola nditenge uti?

Masamba a anyezi wobiriwira odula bwino amalowa m'malo, kapena coriander ngati mumamukonda, ngakhale fungo limasintha. Ku America amathira tsabola wofiira wouma wophwanya. Ine ndimadula kambuzi mmodzi, kuchotsa njere, chifukwa fungo la kambuzi ndi batala zimagwirizana modabwitsa, koma mmodzi basi, mukachulutsa mwalowa ku peri-peri prawns za ku Mozambique, zokoma nazonso koma ndi mbale ina.

Ndingadye ndi nsima?

Palibe angakuletseni, ndipo bambo anga aang'ono anakana sipageti nkudya ndi nsima mpaka kupukuta mbale. Kungoti msuzi wake ndi wochepa komanso wamafuta, nsima imafuna msuzi wambiri, nde mungafunike kuwirikiza kamsuzi ka makoko. Kwa ine mpunga wa Kilombero ndi umene umakhala bwino zedi, umamwa batala ndi adyo uja ndipo fungo lake silipikisana ndi maprawns. Buledi wowotcha pang'ono nayenso ali bwino.

Tchizi pamwamba?

Ataliyana ambiri sathira tchizi pa zam'nyanja, amati zimaphimba kukoma, Amereka ambiri amawaza Parmesan. Ine sindithira. Cheddar yekha ndikukanizeni.

Zotsala ndisunge bwanji?

Zilowe mufiliji pasanathe maola awiri, ndipo kukamatentha ngati ku Nsanje kapena ku Salima mu Novembala, ola limodzi. Mudye mawa lake. Potenthetsa ikani timadzi pang'ono mufelempani, moto wochepa, zikangofunda chotsani. Ngati mulibe filiji, kapena magetsi athima usiku wonse, phikani zokwana kudya nthawi imodzi, chizolowezi chathu chowiritsa ndiwo usiku kuti zigone pa maprawns sichigwira.

Ndamva kuti ena amatupa akadya maprawns, nzoona?

Nzoona ndipo apa musachite chibwana. Maprawns ndi nkhanu zili m'gulu la zakudya zomwe zimadana ndi matupi a anthu ambiri padziko, ndipo zimatha kuyamba munthu ali wamkulu kale. Choyambitsa kawirikawiri ndi puloteni yotchedwa tropomyosin yomwe siifa ndi moto, nde kuphika kwambiri sikuthandiza. Zizindikiro zake ndi kuyabwa, ziwengo, kutupa milomo ndi maso, kusanza. Munthu akayamba kubanika, mawu kusasa kapena chizungulire, thamangani naye kuchipatala pompo, osayamba kumumwetsa mkaka kapena kudikira kuti tione. Chofunika kwa ife kuno nchakuti puloteni yofanana ndi imeneyi imapezekanso mu tizilombo, nde amene amatupa akadya ngumbi, mafulufute kapena ziwala achenjere ndi maprawns, chimodzimodzinso amene amatupa ndi maprawns achenjere ndi ngumbi. Maprawns ena amawathiranso mankhwala a sulphite kuti asade, omwe amatha kuvuta anthu ena a mphumu, papaketi amalemba. Amene akudya koyamba alawe pang'ono kaye.

Alendo anga ndi a mipingo yosiyanasiyana, onse angadye?

Funsani musanagule. Abale athu a Seventh Day Adventist sadya, potsatira Levitiko 11 ndime 9 mpaka 12 pamene pamaletsa za m'madzi zopanda zipsepse ndi mamba, Ayuda chimodzimodzi. Kwa Asilamu, otsatira chiphunzitso cha Shafi'i amadya zam'nyanja zonse pomwe otsatira cha Hanafi amasiyana maganizo pa maprawns, koma vinyo ndi woletsedwa kwa onse nde phikani ija ya kamsuzi ka makoko ndipo muwauze zimene mwathira. Ndi ulemu wamba, munthu asadzazindikire atameza kale.

Mayi woyembekezera, kapena munthu wa kolesterol, angadye?

Woyembekezera angadye bola apse mpaka mkati, maprawns ali m'gulu la zam'nyanja zokhala ndi chiphe cha mercury chochepa. Pa kolesterol, magalamu 100 a maprawns ophika ali ndi mamiligalamu cha m'ma 190, zomwe nzambiri ndithu, koma mafuta ake ndi ochepa kwambiri ndipo puloteni ndi magalamu 24, m'mbale imeneyi cholemera kwenikweni ndi batala. Amene adokotala anakupatsani malamulo a kadyedwe, kapena muli ndi gout, tsatirani zimene anakuuzani.

Timaprawns touma ta ku Mozambique tija tingachite?

Ayi amayi, timeneto ndi ta mchere komanso tolimba, ntchito yake ndi kukometsera ndiwo ngati matapa, yomwe ndi chigwada chosinja chophika ndi nsinjiro ndi kokonati. Pa scampi mungatenge kadzanja nkuwiritsa kuti mupeze kamsuzi ngati munagula maprawns osenda kale opanda makoko, mukatero mchere muthire mutalawa.

Maprawns andikanika mtengo, pali china chomwe ndingaphike mwa njira yomweyi?

Chilipo, ndipo ine ndimatero miyezi yambiri. Ku America komweko amaphika chicken scampi, chidali cha nkhuku chodula mizere yopyapyala, kungoti nkhuku ipse mpaka mkati, mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse. Fileti ya chambo imakhala bwino kwambiri, iduleni zidutswa ngati bokosi la machesi, pukutani, wazani kaufa ka tirigu pang'ono kuti isakakamire, mphindi ziwiri mbali iliyonse, ndipo pobwezera mumsuzi musatakase ndi mthiko iphwanyika, muzingotunga msuzi ndi supuni nkumathira pamwamba. Mutu ndi minga ya chamboyo muwiritse mupeze kamsuzi m'malo mwa makoko. Nyengo ya mvula bowa wa utale akafika pamsika, mtsukeni mchenga wonse, mng'ambeni ndi manja, mkazingeni mpaka madzi ake aphwe ayambe kufiira m'mbali, ameneyu yekha musamufulumizire apse ndithu, kenako batala, adyo, mandimu monga mwa kale, ndi mpunga wotentha pambali.